Khasu Logula ndi Khasu la Lendi

Palibe mmisiri amene sanaimepo pakhomo pa sitolo n'kumasirira chida chatsopano, m'thumba muli ndalama zochepa, kunyumba atasiya chida chakale chimene chikugwirabe ntchito. Telala amaona makina osokera oyendera magetsi, nakumbukira mwendo wake umene umatopa ndi kupalasa. Kalipentala amaona macheka onyezimira, nayamba kupeza zifukwa pa macheka amene anamangira mipando yonse ya m'nyumba mwake. Funso limene limawavuta onsewa ndi limodzi: kodi chatsopanochi n'choyenera ndalama zimene wogulitsa akufuna? Masiku ano funso lomweli lafika kwa amisiri a mtundu wina, amene zida zawo sizigwirika ndi manja. Awa ndi anthu okonza zithunzi, oyala masamba a mabuku ndi manyuzipepala, olumikiza mafilimu ndi ojambula zikwangwani za malonda. Zida zawo ndi mapulogalamu a pakompyuta, ndipo eni mapulogalamuwo sachedwa kutulutsa mtundu watsopano ndi kunena kuti wakale uja watha ntchito.

Nkhani ya kampani ya Adobe, ya ku California m'dziko la America, ikuonetsa bwino mmene funsoli lakhala likusinthira. Kampaniyi anaiyambitsa John Warnock ndi Charles Geschke m'chaka cha 1982. Mu 1990 inatulutsa Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi imene anapanga ndi abale awiri, Thomas ndi John Knoll. Inalinso ndi Illustrator yojambulira zizindikiro, Premiere yolumikizira mafilimu, ndipo mu 1999 inaonjezera InDesign yoyalira masamba. Mu 2003 kampaniyi inamanga ena mwa mapulogalamuwa mtolo umodzi, niutcha Creative Suite. Munthu ankalipira kamodzi, kulandira madisiki m'kabokosi, kuika mapulogalamuwo m'kompyuta yake, n'kumagwiritsa ntchito zaka zimene wafuna. Pakapita chaka kapena ziwiri mtolo watsopano unkatuluka, ndipo amene anali ndi wakale ankaloledwa kuugula pa mtengo wotsikirako. Apa ndi pamene mwini kompyuta ankakhala pansi n'kuyamba kuwerengera.

Kuwerengerako kunali ndi poyambira pomveka. Mtundu wa Photoshop umene unatuluka mu 2010 unabwera ndi luso lofufuta chinthu pachithunzi, pulogalamuyo n'kudzaza yokha malo otsalawo potengera zimene zili m'mbali. Kwa munthu wojambula zithunzi za maukwati, amene tsiku lililonse ankalimbana ndi mawaya a magetsi odutsa kumbuyo kwa mkwati kapena mwana wolowerera pachithunzi, ntchito imene kale inkadya theka la ola tsopano inkatha m'mphindi zochepa. Munthu woteroyo akachulukitsa mphindi zimenezo ndi zithunzi za chaka chonse, ankapeza kuti ndalama zogulira mtundu watsopano zibwerera zisanathe nyengo ziwiri za maukwati. Koma mnzake amene ntchito yake inali kuyala mawu a nyimbo zamaliro ndi mapulogalamu a misonkhano analibe chofufuta pachithunzi chilichonse. Kwa iye luso lomwelo linali ngati bwato kwa munthu wa kumapiri. Mtengo wolembedwa pa kabokosi unali umodzi, koma phindu lake linasiyana kutali, chifukwa phindu la chida limakhala mu ntchito imene chidacho chikukagwira.

Zikanakhala kuti anthu amawerengera motere nthawi zonse, nkhaniyi ikanathera pomwepa. Vuto ndi lakuti mtima umalowerera m'masamu. Munthu amene ntchito yake sikukoma amafuna pogwetsera mlandu, ndipo chida chakale sichitha kudziyankhira. Amati zithunzi zanga zikuoneka zozizira chifukwa pulogalamu yanga ndi yachikale, pamene chimene chikusowa ndi diso lodziwa kuika chinthu pamalo pake. Kugula kumakoma chifukwa kumaoneka ngati kupita patsogolo, chonsecho kumatha m'kanthawi kochepa ndipo sikutulutsa thukuta, pamene kuphunzira kumatenga miyezi. Pali ophunzira ambiri amene amadziwa mayina a maluso onse atsopano a m'mapulogalamuwa, koma sanayambe amalizapo ngakhale chikuto chimodzi cha buku. Otsatsa malonda amachidziwa chofooka chimenechi, n'chifukwa chake saonetsa mabatani okha; amaonetsa ntchito yokongola ya akatswiri, kuti woonayo aganize kuti kukongolako kuli m'kabokosi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za apa ndi kudzinyenga kumeneku.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa. Denis Diderot, mlembi wa ku France wa m'zaka za m'ma 1700, analemba kankhani kodandaula za mkanjo wake wakale. Atalandira mkanjo watsopano wofiira, anayamba kuona kuti mpando wake, tebulo lake ndi zokongoletsa za pakhoma sizikuyenerana nawo, ndipo anazisintha chimodzichimodzi. Pulogalamu yatsopano imachita chimodzimodzi, ndipo iyo sichitira m'maganizo mokha. Kawirikawiri imafuna kompyuta yamphamvu kuposa imene munthu ali nayo. Akaiika m'kompyuta yakale imayenda mwaulesi kapena kukana kumene, ndiye wogula uja amapezeka akufunsa mtengo wa kompyuta ina, imene mwina ikuposa mtengo wa pulogalamuyo kangapo. Pamwamba pa izi pali masiku ophunzira mabatani amene asunthidwa, masiku amene kasitomala sadikira.

Ngakhale zinali choncho, munthu wa nthawi imeneyo anali ndi chinthu chimodzi chamtengo wapatali: ankatha kukana. Ankatha kunena kuti chaka chino zatsopanozi sizikundithandiza, ndidikira mtolo wina. Akatero sankataya kanthu. Mapulogalamu ake ankatsegukabe m'mawa uliwonse. Ndipo kukana kwa anthu ambiri kunali chikwapu kwa kampani, pakuti inkayenera kubweretsa chinthu chogwira mtima kuti anthu atulutsenso ndalama.

Mu May 2013 Adobe inalengeza kuti Creative Suite 6, imene inatuluka mu 2012, ndiyo yomaliza. Kuyambira pamenepo mitundu yatsopano inayamba kupezeka kwa okhawo olipira mwezi ndi mwezi, m'dongosolo lotchedwa Creative Cloud. Mtolo wonse wakale, umene unkatchedwa Master Collection, unkagulidwa madola 2,599 kamodzi. M'dongosolo latsopano munthu ankalipira pafupifupi madola 50 pamwezi, ndiye kuti madola 600 pachaka. Pakutha zaka zinayi ndi miyezi inayi amakhala atapereka ndalama zofanana ndi mtengo wa mtolo wakale uja, koma m'manja mwake mulibe kanthu kake. Mwezi umene waleka kulipira, mapulogalamu amatseka. Anthu zikwizikwi anasaina kalata yodandaula pa intaneti, koma kampaniyo sinabwerere m'mbuyo, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2017 inalekeratu kugulitsa mtolo wakale.

Sibwino kuweruza nkhaniyi ndi khutu limodzi. Madola 2,599 anali khoma lalitali limene wachinyamata wongoyamba kumene sakanatha kulikwera. Dongosolo la mwezi ndi mwezi linatsitsa khomalo. M'chaka chomwecho cha 2013 kampaniyo inayambanso kupereka Photoshop ndi Lightroom kwa ojambula zithunzi pa madola pafupifupi 10 pamwezi, ndipo ambiri amene kale ankagwiritsa ntchito mapulogalamu okopera mwakuba anapeza njira yolowera pakhomo. Komanso kampani yaikulu yotsatsa malonda, imene inkagula mtolo uliwonse ukangotuluka, sinaone kusiyana kwenikweni pa ndalama. Amene anapwetekeka ndi mmisiri wapakati, uja wosamala chida chake, amene ankagula kamodzi n'kukhala nacho zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Mlimi amadziwa kusiyana kwa khasu lake ndi khasu la eni. Khasu lake likhoza kukhala lobuntha, mpini wake wong'aluka, koma chaka cha njala limakhalabe pakhonde, ndipo mvula ikagwa amalinyamula osapempha munthu. Khasu la lendi likhoza kukhala lakuthwa, mwini wake n'kumalinola mwezi uliwonse, koma tsiku limene lendi yasowa ndilo tsiku limene munda umagona. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Komatu pa nkhani ya mapulogalamu pali china choposa apa, chimene fanizo la khasu silifikapo. Mlimi akabweza khasu, mizere imene analima imatsala yake. Woyala mabuku akaleka kulipira, mafayilo ake amatsaladi m'kompyuta, koma ambiri mwa iwo anasungidwa m'njira imene pulogalamu yokhayo ndiyo imaitsegula bwino. Buku limene analiyala ndi InDesign zaka zitatu zapitazo, mwini wake akabwera kuti akonze tsamba limodzi, sangalitsegule mosavuta popanda kulipiranso. Zili ngati kuti mwini khasu watenganso kiyi wa nkhokwe.

Izi si nkhambakamwa. Mu October 2019, boma la America litaika ziletso pa boma la Venezuela, Adobe inauza makasitomala ake a m'dzikolo kuti iwatsekera mapulogalamu pakutha pa mweziwo. Anthuwa sanalakwe kanthu. Ena anali atalipira kale. Pambuyo pake kampaniyo inapeza chilolezo ndipo sinawatsekere, koma kwa milungu ingapo ojambula a ku Caracas anaona kuti ntchito yawo yapachikika pa mkangano wa andale umene iwo analibe nawo mawu. Chakumapeto kwa 2022 kunabuka nkhani ina. Osindikiza amagwiritsa ntchito manambala a utoto a kampani ya Pantone, kuti chofiira chimene wojambula wasankha chikatuluke chomwecho pa makina osindikizira. Makampani awiriwa atasintha mgwirizano wawo, mitundu yambiri ya utotowo inachotsedwa m'mapulogalamu, ndipo ena potsegula ntchito zawo zakale anapeza malo amene panali utoto wowala pada bii, kufikira atalipira ndalama ina yapadera ya mwezi ndi mwezi. Mu June 2024 boma la America linasumira Adobe, likunena kuti sinkafotokoza poyera za chindapusa chimene munthu amalipira akafuna kusiya mgwirizano wa chaka usanathe, chimene chinkafika theka la ndalama za miyezi yotsala. Nkhani zitatuzi zikusiyana, koma m'zonsezi amene anali ndi mphamvu yosintha malamulo pakati pa ulendo sanali mmisiri.

Kwa wojambula wa kuno kwathu katunduyu ali ndi mwala wina pamwamba. Mitengo ya mapulogalamuwa imawerengedwa m'madola, pamene makhadi a ukwati ndi makalendala amagulitsidwa m'makwacha. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Bilu ya madola 50 imene inali pafupifupi K59,000 inasanduka K85,000 usiku umodzi, pulogalamuyo isanaonjezere luso ngakhale limodzi. Amene anagula chida chake kamodzi zaka za m'mbuyo sanamve kanthu tsiku limenelo. Choncho munthu wolandira makwacha akamalonjeza kulipira madola mwezi ndi mwezi, akulonjeza ndalama imene kukula kwake sakukudziwa.

Wina atamva zonsezi akhoza kuganiza kuti nzeru ndi kukakamira chakale mpaka kalekale. Kumeneko ndi kulakwanso, ndipo nthawi zina kumakhala umbombo wovala malaya a kudziletsa. Pulogalamu siili ngati khasu limene lingagone m'nkhokwe zaka makumi awiri n'kudzalimabe. Imadalira kompyuta, ndipo makompyuta amasintha. Mu 2019 kampani ya Apple inatulutsa dongosolo loyendetsera makompyuta ake lotchedwa Catalina, limene linaleka kulandira mapulogalamu opangidwa m'njira yakale, ndipo ambiri amene ankasunga Creative Suite 6 anapeza kuti sangathenso kuiika m'makompyuta atsopano. Anatsala ndi kompyuta yokalamba imene tsiku lililonse ikhoza kuzima osadzukanso. Ndiponso mmisiri sagwira ntchito yekha. Kasitomala amatumiza fayilo yopangidwa ndi mtundu watsopano, wosindikiza amafuna ntchito itasungidwa m'njira yakutiyakuti, kamera yatsopano imatulutsa zithunzi zimene pulogalamu yakale siizindikira. Munthu amene walandira ndalama za mnzake ali ndi udindo wopereka ntchito yabwino pa nthawi yake. Ngati akuchedwetsa buku la sukulu milungu iwiri chifukwa choumira ndalama ya chida, ndiye kuti mtengo umene iye waukana wausenzetsa ana amene akudikira bukulo. Kusagula nakonso kuli ndi mtengo, kungoti amalipira ndi ena.

Pakati pa kulipira kowawa ndi kutsalira pali kanjira kachidule kamene ambiri amadutsa, ndiko kukopera pulogalamu mwakuba. Odutsa njirayi ali ndi zifukwa zomveka kukhutu: kampaniyo ndi yolemera, mtengo wake unaikidwa poganizira malipiro a ku America, ndipo kukopera sikuchotsa kanthu m'sitolo ya munthu. Zoona zilimo. Koma wojambula ndiye munthu womaliza amene angayankhule motero ndi mtima woyera, pakuti iye yemwe amadya za ntchito yosagwirika. Tsiku limene adzaone chizindikiro chimene anachijambula usiku wonse chili pa galimoto ya munthu amene sanamulipire, sadzavomera kuti palibe chimene chabedwa. Pulogalamu nayo ili ndi anthu kumbuyo kwake amene anaitayira zaka. Mtengo ukakhala wosalungama, munthu ali ndi ufulu woukana ndi kuudandaula poyera, koma kuukana ndi kutenga katunduyo mobisa ndi zinthu ziwiri. Ndipo mapulogalamu okoperawa kawirikawiri amabwera ndi mavairasi, kotero kuti zithunzi za makasitomala zimene anamusungitsa zimakhala pangozi.

Kukana koona kuli ndi njira yake. Pali mapulogalamu amene anthu odzipereka amapanga ndi kugawa kwaulere: GIMP yokonzera zithunzi, imene anaiyamba ophunzira awiri a pa yunivesite ya ku Berkeley chapakati pa zaka za m'ma 1990, Inkscape yojambulira zizindikiro, Scribus yoyalira masamba, ndi Blender yopangira zithunzi zoyenda. Kale anthu ankazipeputsa kuti ndi zida za ongoyesera. Koma mu 2025 filimu ya Flow, ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia, imene inapangidwa ndi Blender, inalandira mphotho ya Oscar ya filimu yabwino koposa ya zithunzi zoyenda, kuposa mafilimu a makampani a ndalama zankhaninkhani. Izi sizikutanthauza kuti zaulere zimakwanira pa ntchito iliyonse. Zina zimavuta potumiza ntchito kwa osindikiza, ndipo munthu amene manja ake anazolowera mabatani ena kwa zaka khumi amabwerera ku sitandade wani kwa miyezi ingapo. Amalipira ndi nthawi m'malo mwa madola. Wophunzira wa sekondale ali ndi nthawi yochuluka kuposa madola. Mayi amene ali ndi antchito atatu ndi ntchito zodikira pa tebulo ali ndi zosiyana.

N'chifukwa chake anthu awiri oona mtima akhoza kuyankha funso limodzili mosiyana, onse n'kukhala olondola. Mwini kampani yaing'ono ya mu Blantyre amene amayala malipoti a mabungwe, amene makasitomala ake amatumiza ndi kulandira mafayilo a InDesign sabata iliyonse, akalipira mwezi ndi mwezi sakuononga ndalama. Ntchito imodzi ya pamwezi ikhoza kulipira biluyo, ndipo akaleka ataya makasitomala. Chimene ayenera kuchita ndi kuika biluyo m'mitengo yake poyera, kuwerenga mgwirizano asanausaine, pakuti safunsa anadya phula, ndi kusunga ntchito iliyonse yomalizidwa m'njira inanso imene mapulogalamu ena angatsegule, kuti tsiku lochoka likadzafika asadzasiye katundu m'nyumba ya eni.

Mnyamata wa pa Lunzu amene amakonza makhadi a chinkhoswe ndi zikwangwani za magolosale ali pena. Akatenga pepala n'kulemba ntchito khumi zomaliza zimene anagwira, kenaka pambali pa iliyonse n'kulemba chimene chinamukanika chifukwa cha pulogalamu yake, mwina adzapeza kuti mzere wachiwiriwo uli mbee. Zimene zinamuchedwetsa mwezi wathawu ndi kuzima kwa magetsi, inki imene inatha Loweruka madzulo, ndi kasitomala amene anasintha dzina la mkwati kawiri. Pa zitatuzi palibe chimene pulogalamu yatsopano ingakonze. Ndalama ya miyezi itatu ya lendi ikhoza kumuyambira batire losunga magetsi, ndipo batirelo lidzakhalabe pansi pa tebulo lake ngakhale mwezi umene makasitomala sadzabwera.